Abusa akufuna kumanga nyumba zalendi poimika magalimoto: kodi ndi ntchito ya mpingo imeneyi?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Maryland, m'dziko la America, komwe amagwira ntchito yosamalira okalamba. Akuti: "Ndimapemphera mu mpingo wa Baptist wa anthu akuda a kuno. Mwezi watha abusa analengeza kuti akufuna kupereka theka la malo oimika magalimoto kuti pamangidwe nyumba za lendi yotsika, ndipo tidzavota pa msonkhano wa mpingo. Ena akondwa, ena akuti abusa ayamba bizinesi. Ine lendi imandidyera pafupifupi theka la malipiro, ndiye nkhaniyi yandigwira mtima. Koma kodi imeneyi ndi ntchito ya mpingo? Ndalama zake zichokera kuti, poti chopereka chathu n'chochepa? Nanga ineyo ndingadzapezemo nyumba?"

Mayi, zikomo polemba. Ndiyambe ndi kukuuzani pomwe ndaima, kuti muwerenge zotsatirazi mukudziwa mtima wanga. Ndagwira ntchito zaka zambiri ndi makomiti a mipingo amene akuganiza zomanga nyumba, ndipo ndimakhulupirira kuti abusa anu akuloza kolondola. Koma musakakweze dzanja chifukwa chongowakonda abusawo. Mukakweze mutaona pa pepala kuti malowo akhalabe a mpingo. Chuma chenicheni cha mpingo wanu pa nkhaniyi ndi nthaka imene mumaimikapo magalimoto, ndi chiwerengero cha anthu amene angadzaze holo ya khonsolo tsiku limodzi atagwirizana. Mbale ya chopereka imabwera pambuyo pa ziwirizo.

Amene akunena kuti abusa ayamba bizinesi mwina sanamve kumene mpingo wawo unachokera. Mu 1787, ku Philadelphia, Richard Allen ndi Absalom Jones anayambitsa bungwe lotchedwa Free African Society. Mamembala ankasonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kuti pakagwa matenda, maliro, kapena mayi akasiyidwa ndi ana, pakhale pogwira. Tchalitchi chinabwera pambuyo pake. Mu 1791 Allen anagula malo mumzinda womwewo, pomwe lero pali tchalitchi cha Mother Bethel, ndipo malo amenewo akhala m'manja mwa anthu akuda kuyambira nthawi imeneyo osadukiza. Mpingo wa anthu akuda ku America unabadwa uli kale thumba lothandizana komanso mwini malo, pa nthawi yomwe munthu wakuda analibe banki, inshuwalansi kapena boma lomuganizira. Ife a ku Malawi mwambo umenewu unatifikako ndithu: John Chilembwe atabwerako ku sukulu ku Lynchburg, mu Virginia, anali mipingo ya Baptist ya anthu akuda, ya National Baptist Convention, imene inamuthandiza kukhazikitsa mishoni ya PIM ku Mbombwe, ku Chiradzulu, mu 1900. Nakonso anayamba ndi kupeza malo, kenako sukulu, minda ndi tchalitchi cha njerwa.

Tsono chifukwa chiyani nyumba makamaka? Chifukwa ndi pa nyumba pomwe anthu akuda anatsekeredwa pakhomo mwadala, mwa lamulo ndi mwa mapepala. M'zaka za m'ma 1930 boma la America linajambula mapu a mizinda, madera okhala anthu akuda n'kuwapaka utoto wofiira, kutanthauza kuti ndi oopsa kubwereketsako ndalama. Bungwe la boma la FHA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1934 kuti liziimira ngongole za nyumba, linkakana kuimira ngongole m'madera oterewa. Mzungu wogwira ntchito pa fakitale ankagula nyumba pa ngongole yazaka zambiri, kuisiyira ana, ana n'kuigwiritsa ntchito ngati chikole popita ku koleji. Mnzake wakuda wa pa fakitale yomweyo ankapita kwa akatapila. Ku Chicago anthu ambiri ankagula nyumba pa mgwirizano woti umalipira mwezi ndi mwezi, koma nyumbayo siikhala yako mpaka utamaliza, ndipo ukaphonya mwezi umodzi wokha amakutulutsa, zonse unalipira zija zapita. Martin Luther King Jr., yemwe anali mbusa wa Baptist ngati abusa anuwo, anakakhala m'nyumba yalendi yowonongeka ku North Lawndale, ku Chicago, mu 1966, ndipo pa ulendo wina wa zionetsero zofuna ufulu wa nyumba anagendedwa mwala kumutu. Lamulo loletsa tsankho pa nyumba, Fair Housing Act, linasainidwa pa 11 April 1968, patangopita sabata imodzi iye ataphedwa. Chilonda chake sichinapole. Lero pa mabanja 100 a azungu, oposa 70 amakhala m'nyumba yawoyawo. Pa mabanja 100 a anthu akuda ndi 45 kapena pafupi pamenepo. Agogo amene mumakhala nawo benchi limodzi Lamulungu, ambiri mwa iwo nkhaniyi anaiona ndi maso.

Pa funso la ndalama, pali nkhani ziwiri zomwe ndimakonda kufotokozera makomiti, chifukwa zimaonetsa njira ziwiri zosiyana.

Yoyamba mudzaimva msanga chifukwa ikufanana ndi zakwathu. Mu 1962 mbusa Leon Sullivan wa Zion Baptist Church ku Philadelphia analalikira za mikate isanu ndi nsomba ziwiri zija, kenako anapempha anthu 50 kuti aliyense azipereka madola 10 pamwezi kwa miyezi 36. Anadzipereka anthu oposa 200, ndipo pambuyo pake analowamo masauzande. Ndondomekoyi inatchedwa 10-36. Wopereka ankakhala ndi gawo mu kampani ya gululo, atauzidwa poyera kuti asayembekezere phindu msanga. Ndalama zimenezo zinathandiza kumanga mdadada wa nyumba zalendi wa Zion Gardens, kenako mu 1968 malo a masitolo a Progress Plaza. Mukaziyang'ana bwino, ndi banki m'khonde yomwe inakula mpaka kuumba njerwa. Sullivan yemweyu ndi amene mu 1977 analemba mfundo zoti makampani a ku America azitsata pochita malonda ku South Africa nthawi ya tsankho. Koma ndinene mosabisa: masiku ano madola 10 pamwezi sangamange mdadada. M'mizinda ikuluikulu ya ku America, nyumba imodzi yokha mu mdadada watsopano imadya madola masauzande mazanamazana. Chopereka chotere lero chimagwira ntchito ina, yomwe ndi yofunikabe kwambiri, ndipo ndibwererako.

Yachiwiri ndi ya ku Brooklyn, mu New York, ndipo iyi ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi imene inasintha kaganizidwe ka mipingo yambiri. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, madera a Brownsville ndi East New York anali mabwinja. Eni midadada ankaithawa, ina inkatenthedwa, ndipo munkatha kuyenda misewu ingapo mukungoona zigumukire ndi zinyalala. Cha m'ma 1980 mipingo ya kumeneko inapanga mgwirizano wotchedwa East Brooklyn Congregations, mothandizidwa ndi bungwe lophunzitsa anthu kusonkhana ndi kukambirana ndi akuluakulu, la Industrial Areas Foundation. Munali a Baptist, Akatolika, a Lutheran ndi a Episcopal, ndipo anthu ake ambiri anali akuda ndi olankhula Chisipanishi. Mmodzi mwa atsogoleri odziwika anali mbusa Johnny Ray Youngblood wa St. Paul Community Baptist Church.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti sanayambe ndi nyumba. Anayamba ndi kukakamiza mzinda kuti ubwezeretse zikwangwani za maina a misewu zomwe zinasowa. Anapita m'masitolo a zakudya atanyamula mapepala, kulemba nyama yowola ndi mafiriji osagwira ntchito, mpaka eni masitolo anakonza. Analembetsa anthu m'kaundula wa mavoti. Tinthu tating'ono timeneti tinawaphunzitsa kugwirira limodzi, ndipo tinaphunzitsa andale kuti anthu awa akati tibwera chikwi, amabweradi chikwi. Pofika 1982 ndi pomwe analengeza pulani ya nyumba, n'kuitcha Nehemiah, potengera Nehemiya wa m'Baibulo amene anamanganso linga la Yerusalemu. Amene anawerengapo mutu 5 wa buku limenelo akudziwa kuti Nehemiya yemweyo anadzudzulanso olemera amene ankalanda minda ndi nyumba za abale awo chifukwa cha ngongole, choncho dzinali analisankha akudziwa.

Kagwiridwe kake kanali kotere. Malikulu a mipingo, motsogozedwa ndi bishopu wa Katolika wa ku Brooklyn, Francis Mugavero, anasonkha madola mamiliyoni angapo n'kuwabwereketsa popanda chiwongola dzanja. Thumba limeneli linali lozungulira: amamangira nalo nyumba, nyumba zikagulidwa ndalama n'kubwerera, n'kumangiranso zina. Mzinda, pansi pa meya Ed Koch, unapereka malo a mabwinja aja ndi ngongole ya madola 10,000 pa nyumba iliyonse yopanda chiwongola dzanja, yobweza pokhapokha mwini akadzagulitsa nyumbayo. Boma la New York linapereka ngongole zotsika kwa ogula. Womanga wina wachikulire, I. D. Robbins, anaumirira kuti mtengo ungatsike pokhapokha akamanga nyumba zambiri zofanana, zogundana, pa malo aakulu nthawi imodzi. Nyumba zoyamba zinagulitsidwa pa mtengo wa pafupifupi madola 40,000, kwa manesi, oyendetsa mabasi, ogwira ntchito ku positi, ndipo ambiri mwa iwo anachokera m'nyumba za boma za anthu osauka. Kuyambira pamenepo nyumba za Nehemiah zamangidwa masauzande angapo ku New York, ochepa kwambiri mwa ogula analandidwa chifukwa cholephera ngongole, ndipo mu 1987 nyumba ya malamulo ya dziko lonse inakhazikitsa thumba lotengera dzina lomweli. Kwanuko ku Maryland, mgwirizano wa mipingo wa BUILD unamanga nyumba za Nehemiah ku Sandtown-Winchester, mu Baltimore. Panali odandaula ndithu: mabanja ena amene anatsalira m'mabwinja muja anasamutsidwa kuti malo ayere, ndipo osaukitsitsa sakanatha kugula ngakhale pa mtengo wotsikawo. Koma taonani kumene ndalama zambiri zinachokera. Mipingo inabweretsa thumba loyambira ndi khamu la anthu. Malo ndi ngongole zinachokera ku boma, lomwe silikanapereka likanapanda kuona khamulo.

Zomwe abusa anu akuganiza ndi nyumba zalendi, ndipo njira yake lero ndi yodziwika. Ku America nyumba imatchedwa yokwanitsika ngati lendi ndi magetsi, madzi ndi zotero sizipitirira magawo 30 pa 100 a zomwe banja limapeza. Inu amene mukulipira pafupifupi theka muli pafupi ndi gulu lomwe boma lenilenilo limati ndi lolemedwa kwambiri. Kuti lendi itsike chotero, ngongole yomangira iyenera kuchepa, ndipo chida chachikulu chochepetsera ndi lamulo la msonkho la 1986 lotchedwa Low-Income Housing Tax Credit. Boma la dera limasankha mapulani opambana pa mpikisano, n'kuwapatsa ufulu wochotseredwa msonkho kwa zaka 10. Mpingo sulipira msonkho wotere, ndiye ufuluwo umagulitsidwa kwa mabanki ndi makampani akuluakulu, iwo n'kupereka ndalama zomangira. Mabanki amachita izi chifukwa zimawapindulira, komanso chifukwa lamulo la 1977, Community Reinvestment Act, limawayesa ngati akuika ndalama m'madera osauka momwe amatolera ndalama. Posinthana ndi zimenezi, lendi siiloledwa kupitirira malire oikidwa kwa zaka zosachepera 30 m'mapulani ambiri, ndipo olowamo amakhala amene malipiro awo sapitirira malire ena, kawirikawiri magawo 50 kapena 60 pa 100 a malipiro apakati a m'deralo. Pamwamba pake amawonjezera ngongole ya banki, thumba la mzinda kapena la boma la dera, ndi mphatso za mabungwe. Si zachilendo kupeza mdadada umodzi uli ndi magwero a ndalama asanu ndi awiri kapena kuposa, lililonse ndi malamulo ake. Ngati nyumbazo ndi za okalamba, palinso thumba la boma la Section 202 lomwe linayamba mu 1959. Ndi limene mipingo yambiri ya anthu akuda inamangira midadada ya agogo, monga wa nyumba 300 wa mpingo wa Allen AME ku Jamaica, mu Queens, nthawi ya mbusa Floyd Flake.

Ndiye chopereka chanu chilowa pati? Chilowa poyambirira penipeni, pamene palibe banki ingakuyang'aneni. Pamafunika kulipira woyeza malo, wojambula mapulani, woyesa nthaka ngati ili ndi poizoni wa mafuta akale, komanso loya. Ndalama zimenezi zimatha kupita osabwerera ngati pulani yakanidwa, ndipo anthu ayenera kuuzidwa zimenezi asanapereke. Mabungwe ena amathandizako pa gawoli. Enterprise Community Partners inayambitsa ntchito yophunzitsa mipingo zomangamanga mu 2006, ndipo inayambira m'dera lanu lomwelo la Washington ndi Baltimore, motsogozedwa ndi mbusa David Bowers. Komiti ya mpingo wanu ngati sinawafikire, iwafikire. Ndipo Loweruka lina mutengane amayi angapo mupite pa Georgia Avenue ku Washington, mukaone Beacon Center ya mpingo wa Emory United Methodist, yomangidwa nthawi ya mbusa Joseph Daniels. Ndi nyumba 99 zomangidwa mozungulira tchalitchi chakale, zotsegulidwa mu 2019. Zinawatengera zaka zoposa khumi. Mukafunse anthu a kumeneko za zaka zimenezo, kuti ndi angati anatopa panjira.

Tsopano ku zomwe zimandisowetsa tulo. Malo a mipingo ya anthu akuda ali m'madera omwe kale ankanyozedwa, koma lero akwera mtengo koopsa. Mu 1970 anthu akuda anali 70 pa 100 alionse mu Washington. Lero safika theka. Ku Central District ya Seattle anali oposa 70 pa 100, lero satha 20, ndipo mipingo ingapo ya kumeneko inagulitsa n'kusamuka, zomwe zinachititsa otsalawo kupanga gulu lawo, nalonso lotchedwa Nehemiah, kuti amange m'malo mogulitsa. Kumene malo akwera mtengo, amalonda a zomangamanga amagogoda pa khomo la abusa ndi mawu okoma. Amati tipatseni malo, tikumangirani tchalitchi chatsopano pansi, nyumba pamwamba, ndi ndalama pang'ono. Ku New York, komwe lamulo limafuna kuti kugulitsa malo a mpingo kuvomerezedwe ndi khoti kapena loya wamkulu wa boma, ofesi ya loyayo inafufuza malonda angapo a ku Harlem ndi Brooklyn n'kupeza kuti atsogoleri ena a mipingo analandira ndalama mwamseri kwa wogula, ndipo mipingo ina inatsala yopanda tchalitchi chomwe inalonjezedwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Tchalitchi cholonjezedwa ndi fodya wa pachala.

Ndinakhalapo pa msonkhano wa komiti m'chipinda chapansi cha tchalitchi china, pa matebulo opinda aja, khofi akuzizira m'makapu a pepala. Womanga anabweretsa zithunzi zokongola za mdadada, mitengo ndi ana akusewera. Aliyense ankagwedeza mutu. Mayi wina wachikulire, msungichuma wa mpingo kwa zaka zambiri, anavala magalasi ake, n'kutsegula mgwirizano wokhuthala uja tsamba ndi tsamba, chala chili pa mzere. Atafika chapakati anafunsa funso limodzi lokha: "Kampani yanuyi ikagwa, malo athu apita kwa ndani?" M'chipindamo munati zii. Yankho linali lakuti apita kwa banki, chifukwa mgwirizanowo unkati mpingo usamutse umwini wa malo tsiku loyamba lomwelo. Loya amene anali pamenepo anali wa womangayo. Mpingo unalibe wake. Mgwirizano uja sunasainidwe tsiku limenelo, ndipo patapita miyezi unabwera wina wolembedwa mosiyana.

Njira imene ndimalimbikitsa ndi ya lizi, yomwe ife a ku Malawi timaidziwa bwino kuchokera ku malo a m'tauni a zaka 99. Mpingo umabwereketsa nthaka kwa kampani yomanga kwa zaka zambiri, mwina 65 kapena 99, koma dzina pa pepala la umwini limakhalabe la mpingo. Musadabwe mukamva kuti mdadadawo pawokha udzakhala pafupifupi wonse m'dzina la banki yogula ufulu wa msonkho ija kwa zaka 15 zoyambirira. Ndi momwe lamulolo limayendera. Chofunika n'chakuti mgwirizano unene kuti zaka zimenezo zikatha mpingo, kapena bungwe lake la chitukuko, ndi umene udzakhale woyamba kupatsidwa mwayi wogula, ndipo pa mtengo wotani. Unenenso kuti lizi ya mpingo ili patsogolo pa ngongole ya banki kapena pambuyo pake, chifukwa pamenepo ndi pomwe pagona yankho la funso la mayi msungichuma uja. Womanga amalandira malipiro ake a ntchito kuchokera m'thumba la pulojekiti. Funsani kuti ndi angati, ndipo mpingo ugawanako bwanji. Funsaninso poyera, mwaulemu, ngati abusa, madikoni kapena abale awo ali ndi gawo lililonse mu kampaniyo. Mbusa woona mtima funsoli amalilandira ndi manja awiri, chifukwa limamuteteza iye yemwe ku miseche. Ganizo losiyanitsa nthaka ndi nyumba yomangidwapo nalonso lili ndi mizu mwa anthu akuda: bungwe la New Communities, lomwe mbusa Charles Sherrod, mkazi wake Shirley ndi anzawo anayambitsa kum'mwera kwa Georgia mu 1969, ndi limene limatchulidwa kuti linayamba kusunga nthaka m'dzina la gulu kuti isagulitsidwe.

Ngakhale mipingo ikuluikulu imapunthwa. Abyssinian Baptist Church ya ku Harlem, pansi pa mbusa Calvin Butts, inakhazikitsa bungwe lake la chitukuko mu 1989, lomwe linamanga ndi kukonza nyumba zambirimbiri, n'kubweretsanso sitolo yaikulu ya zakudya pa 125th Street. Patapita zaka bungwelo linalowa m'mavuto a ndalama, linagulitsa malo a sitolo ija mu 2014, ndipo chaka chotsatira sitoloyo inatsekedwa. Kumanga kumatha, kusamalira sikutha. Denga lidzadontha, makina otenthetsa nyumba adzafa pakati pa chisanu, ndipo tsiku lina padzakhala banja lomwe latha miyezi inayi osalipira. Walira mvula walira matope. Mpingo ukakhala landilodi, wina ayenera kulemba kalata yotulutsa munthu, ndipo sibwino kuti akhale dikoni amene amagawa mgonero Lamulungu. N'chifukwa chake ndimati ntchito yotolera lendi ndi kukonza zowonongeka ipite kwa kampani yodziwa ntchitoyo, ndipo mpingo usunge thumba lapadera lothandiza amene agwa m'mavuto asanafike pa kalatayo.

Anzanu amene akudandaula za poimika magalimoto musawaone ngati ouma mtima. Ambiri anakulira m'dera la tchalitchicho, lendi ndi misonkho n'kuwakankhira kutali, ndipo tsopano amayendetsa galimoto mphindi 40 kuti adzapemphere kumene anabatizidwira. Mukawalanda poimika, agogo oyendera ndodo adzasiya kubwera, chopereka n'kutsika. Nkhani imeneyi iyenera kukhala ndi yankho lolembedwa: malo angati atsala, nthawi yomanga mudzaimika kuti, kodi pali sukulu kapena ofesi yapafupi imene ingabwereketse malo ake Lamulungu. Oyandikana nawo nawonso adzabwera ku khonsolo kudzakana, ponena za kuchuluka kwa magalimoto ndi kutalika kwa mdadada. Madera ena ayamba kufewetsa malamulo; California mu 2023 inakhazikitsa lamulo la SB 4 lolola mipingo kumanga nyumba zotsika mtengo pa malo awo popanda kudutsa m'mikangano yaitali ya kusintha ntchito ya malo. Kumene lamulo lotere kulibe, tsiku la khonsolo ndi tsiku lodzaza mabasi a mpingo, kwaya ndi amayi a yunifolomu omwe.

Ndisaiwale kunena kuti mipingo yambiri imathandiza pa nyumba popanda kuika njerwa n'imodzi yomwe, ndipo nthawi zina thandizo limenelo ndi lomwe limafika msanga. Thumba la chifundo limalipira lendi ya mwezi umodzi, banja n'kupulumuka ku khoti, komwe dzina likangolembedwa kuti unatulutsidwapo, alandilodi ena onse amakukana. Abambo a mpingo amakonza masitepe ndi denga la agogo kuti asagulitse nyumba mokakamizika. Ena amaitana maloya Loweruka kudzalembera anthu mawilu kwaulere, chifukwa mabanja ambiri a anthu akuda ataya nyumba ndi minda pamene mwini wamwalira osalemba kanthu, nyumba n'kukhala ya adzukulu makumi awiri, mmodzi n'kugulitsa gawo lake kwa mlendo amene kenako amakakamiza kuti yonse igulitsidwe. Ena amaphunzitsa ofuna kugula nyumba koyamba momwe angakonzere mbiri yawo ya ngongole. Pamenepa pafunika maso: chuma chisanagwe mu 2008, obwereketsa ngongole zokwera ankalowera m'mipingo momwemo, podziwa kuti anthu amakhulupirira chimene chalengezedwa pa guwa, ndipo pa mlandu womwe mzinda wa Baltimore unasumira banki ya Wells Fargo, amene anagwirapo ntchito kumeneko anachitira umboni zoti mipingo ya anthu akuda inkasakidwa dala. Aliyense wobwera ndi mafomu a ngongole ku tchalitchi ayenera kufufuzidwa ngati mlendo wina aliyense.

Funso lanu lomaliza ndiliyankhe mosazungulira. Kukhala membala wa mpingo sikudzakupatsani nyumba. Ndalama za boma zikangolowa, lamulo lija la 1968 limagwira ntchito mbali zonse: mpingo sungasungire nyumba anthu ake okha kapena kusankha potengera chipembedzo, mtundu kapena dziko lochokera. Nyumbazo zidzalengezedwa poyera, ofunsira adzakhala ambiri kuposa nyumba, ndipo nthawi zambiri amachita maere kapena mndandanda wodikira. Izi zimawawa anthu amene apereka kwa zaka, ndipo ndi bwino abusa azinene pa guwa voti isanachitike. Kuyambira pa voti mpaka pa kiyi, muziwerengera zaka zisanu kapena kuposa.

Choncho musadikire mdadada wa mpingo wanu. Sabata ino fufuzani malire a malipiro a nyumba zotsika mtengo a m'dera lanu pa banja la kukula ngati lanu. Ambiri ogwira ntchito yosamalira okalamba amapezeka kuti ali mkati mwa malirewo osadziwa. Midadada yomangidwa ndi ndalama za msonkho zija ilipo kale yambiri ku Maryland, ndipo uliwonse uli ndi mndandanda wakewake, ndiye lembetsani m'malo angapo nthawi imodzi. Thandizo la lendi la Section 8 nalo lembetsani mndandanda ukatsegulidwa, ngakhale kuti pa mabanja anayi oyenera thandizo la lendi la boma ndi limodzi lokha limene limalandira, ndipo kumeneko amayang'ananso mapepala anu okhalira m'dziko. Sungani m'envulopu imodzi mapepala a malipiro a miyezi yapitayi, a msonkho ndi malisiti a lendi, chifukwa akakuitanani amapereka masiku ochepa. Ndipo pa msonkhano wa mpingo, pemphani kuti mgwirizano wonse, osati chidule chake, uikidwe mu ofesi kwa masabata awiri voti isanachitike, ndi kuti loya wolipidwa ndi mpingo wokha abwere adzayankhe mafunso mamembala ali pomwepo.